Mtunda ndi womwewo, nanga bwanji maola a ndege amasiyana popita ndi pobwerera?

Munthu akamafufuza ulendo wa pandege pa intaneti, amaona manambala awiri: mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo, ndi maola amene ulendowo utenge. Ambiri timaganiza kuti ukadziwa imodzi mwa manambalawa ndiye kuti inayo waidziwa kale. Koma taonani ulendo wa pakati pa London ndi New York. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 5,500, ndipo susintha kaya mukupita kaya mukubwerera. Komabe tikiti yopita ku New York imalemba maola pafupifupi 8, pomwe yobwerera ku London imalemba maola 7, nthawi zina osakwana n'komwe. Pakati pa Johannesburg ndi Sydney kusiyanaku n'kokulirapo: maola pafupifupi 12 popita ku Australia, pafupifupi 14 pobwerera.

Mafunso otere anachuluka mu 2022, pomwe maulendo ambiri a pakati pa Ulaya ndi kum'mawa kwa Asia anatalika mwadzidzidzi ndi maola angapo, mizinda ili pomwe inali kale. Ena amati makampani a ndege amangolemba maola mwachisawawa. Ena amati n'chifukwa choti dziko lapansi limazungulira. Zonse ziwirizi si zoona. Mtunda umachokera ku maonekedwe a dziko, ndipo ukawerengedwa kamodzi zatha. Nthawi imachokera ku mphepo, malamulo a mayiko, mafuta, mzere wa ndege zodikira pabwalo ndi mawotchi, ndipo zambiri mwa zimenezi zimasintha tsiku ndi tsiku.

Njira yachidule imaoneka yokhota

Mapu ambiri a pakhoma ndi a pafoni amatsatira kajambulidwe kamene Gerardus Mercator anatulutsa mu 1569. Iye ankafuna kuthandiza amalinyero, ndipo pa ntchito imeneyo mapu ake anali abwino kwambiri. Vuto n'lakuti dziko ndi lobulungira, ndipo chobulungira sungachiyale papepala osachikoka. Pa mapu amenewa madera a kumpoto kwenikweni ndi kum'mwera kwenikweni amafutukuka mopitirira muyeso. N'chifukwa chake Greenland amaoneka ngati wofanana kukula ndi Africa, pomwe mu Africa mungalowe ma Greenland pafupifupi 14.

Choncho mukalemba mzere ndi rula pa mapu otere kuchoka pa mzinda wina kufika pa wina, simunapeze njira yachidule. Kuti muipeze, tengani mapu obulungira ngati mpira aja, mugwire ulusi ndi chala pa mzinda woyamba, n'kuukoka mpaka utathina pa mzinda wachiwiri. Pomwe ulusi wagona ndi pomwe pali njira yaifupi koposa zonse. Akatswiri amaitcha great circle, kutanthauza chigawo cha mzere umene, utapitirira kuzungulira dziko lonse, ungaligawe pakati ndendende. Mtunda umene masamba a pa intaneti amakuuzani ndi wa mzere umenewu.

Ulusiwu umaonetsa zinthu zimene mapu a pakhoma amabisa. New York ndi Madrid zinatalikirana ndi ikweta pafupifupi mofanana, moti mungaganize kuti woyendetsa ndege angolunjika kum'mawa basi. Koma ulusi umayamba wakwera chakumpoto, n'kutsika ukamayandikira Spain. Ndege yochoka ku Dubai kupita ku Los Angeles imadutsa kufupi ndi nsonga ya kumpoto kwa dziko. Yochoka ku Sydney kupita ku Johannesburg imatsikira kum'mwera kwambiri, moti masiku ena okwera amaona pawindo madzi oundana a kufupi ndi Antarctica. Pa kakanema ka kumbuyo kwa mpando njira zimenezi zimaoneka zokhota, ndipo wokwera amadabwa kuti akumuzungulitsiranji. Sakumuzungulitsa. Mapuwo ndi amene apinda njira yowongoka.

Masamba atatu a pa intaneti akhozanso kukupatsani manambala atatu a ulendo umodzi, onse olondola. Oyendetsa ndege amawerengera m'mamailosi a panyanja, ndipo imodzi ndi mamita 1,852. Mailosi wamba ndi mamita 1,609. Ulendo wa London ndi New York uja ndi makilomita pafupifupi 5,500, mamailosi wamba pafupifupi 3,400, mamailosi a panyanja pafupifupi 3,000. Masamba ena amayeza kuchoka pakati pa mzinda, ena kuchoka pabwalo la ndege, ndipo mizinda ikuluikulu imakhala ndi mabwalo angapo.

Liwiro la ndege

Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zikafika pamwamba, makilomita 10 mpaka 12 kuchoka pansi, zimauluka pa liwiro la makilomita 830 mpaka 900 pa ola. Liwiroli silinasinthe kwenikweni chiyambire nthawi ya Boeing 707 kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Si kuti opanga ndege analephera. Ndege ikayandikira liwiro limene phokoso limayendera mumpweya, mpweyawo umayamba kuikaniza kwambiri, ndipo kuwonjezera liwiro pang'ono kumadya mafuta ochuluka zedi. Concorde, imene inanyamula anthu kuyambira 1976 mpaka 2003, inkathamanga kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso. Pa 7 Febuluwale 1996 inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 2, mphindi 52 ndi masekondi 59. Koma inkanyamula anthu pafupifupi 100 okha ndipo inkamwa mafuta kwambiri. Makampani anasankha ndege zonyamula anthu ambiri pa mafuta ochepa, ndipo maola a pa matikiti athu lero ndi zotsatira za chisankho chimenecho.

Ndege siuluka pa liwiro lapamwambali ulendo wonse. Kukwera kumatenga mphindi 20 kapena kuposerapo, kutsika chimodzimodzi, ndipo m'mayiko ambiri ndege ikakhala pansi pa mamita pafupifupi 3,000 siloledwa kupitirira makilomita pafupifupi 460 pa ola. Pa ulendo wautali zimenezi sizioneka. Pa waufupi zimadya gawo lalikulu. Kuchoka ku London kupita ku Paris ndi makilomita pafupifupi 350. Kungogawa ndi liwiro la ndege mungati mphindi 25 zakwana, koma tikiti imalemba ola limodzi ndi mphindi 15 kapena 20.

Mphepo ya kumwamba

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ndege ili ndi maliwiro awiri pa nthawi imodzi: liwiro limene ikudulira mpweya, ndi liwiro limene ikudutsira nthaka pansi pake. Loyambalo limadalira injini. Lachiwirilo limadalira injini ndi mphepo, ndipo ndi limene limakufikitsani msanga kapena mochedwa.

Taganizirani munthu wopalasa bwato mumtsinje. Mphamvu za m'manja mwake n'zofanana kaya akutsika ndi madzi kaya akukwera, koma woima pagombe amaona bwato likuthamanga potsika, likukwawa pokwera. Mpweya umene ndege imaulukamo nawonso umayenda. M'mwamba momwemo mmene ndege zimakonda kuuluka muli mikwasa ya mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, yomwe imawomba kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, kumpoto kwa ikweta ndi kum'mwera komwe. Katswiri wa zanyengo wa ku Japan, Wasaburo Oishi, anaiyeza m'zaka za m'ma 1920 poulutsa mabaluni. Liwiro lake kawirikawiri limaposa makilomita 150 pa ola, ndipo m'nyengo yozizira, pomwe kusiyana kwa mpweya wotentha ndi wozizira kumakula, limatha kupitirira 300.

Ndege yopita kum'mawa imalowa mumkwasamu mwadala kuti mphepo iikankhe. Yopita kumadzulo imauzemba momwe ingathere, ngakhale njira italike. Mu Febuluwale 2020, pa nthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, Boeing 747 ya British Airways inachoka ku New York n'kufika ku London m'maola 4 ndi mphindi 56. Pa nthawi ina ya ulendowo inkadutsa nthaka pa liwiro loposa makilomita 1,200 pa ola. Anthu ena anamva ngati yaposa liwiro la phokoso, koma ayi: mumpweya inkadula pa liwiro lake la masiku onse, mpweyawo ndi umene unkathamanga nayo.

Mphepo ikhoza kuchititsa kuti njira yaitali ikhale yofulumira. Mu 2016 Air India inasintha ulendo wake wochoka ku Delhi kupita ku San Francisco, n'kuyamba kudzera pamwamba pa nyanja ya Pacific m'malo mwa Atlantic. Njira yatsopanoyo inali yaitali ndi makilomita pafupifupi 1,400, koma inafupikitsa ulendo ndi maola pafupifupi 2 chifukwa mphepo inali kumbuyo. Ulendo wa Singapore Airlines wa pakati pa Singapore ndi New York, wa makilomita oposa 15,000 ndi maola oposa 18, umachitanso zofanana: popita ku New York kawirikawiri umadzera ku Pacific, ndipo pobwerera nthawi zambiri umadzera ku Atlantic ndi ku Ulaya. Ndegeyo ikabwerera kwawo imakhala itazungulira dziko, ikulowera kum'mawa ulendo wonse.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakaganizira. Zimaoneka ngati zimene mphepo yakulandani popita idzakubwezerani pobwerera, koma masamu amakana. Tiyerekeze ulendo wa makilomita 5,400 pa ndege yothamanga 900 pa ola. Kulibe mphepo, ndi maola 6 popita, 6 pobwerera, onse pamodzi 12. Kukhale mphepo ya 150 pa ola. Ikakhala kumbuyo liwiro ndi 1,050, ulendo umatenga maola 5 ndi mphindi 9. Ikakhala kutsogolo liwiro ndi 750, ulendo umatenga maola 7 ndi mphindi 12. Onse pamodzi ndi maola 12 ndi mphindi 21. Ndege imakhala nthawi yaitali ikulimbana ndi mphepo kusiyana ndi nthawi imene ikuthandizidwa nayo, choncho kutayako kumaposa kupindulako.

Nanga kuzungulira kwa dziko?

Dziko limazunguliradi, kulowera kum'mawa, pa liwiro la makilomita pafupifupi 1,670 pa ola pa ikweta. Koma limazungulira pamodzi ndi mpweya wake, ndipo ndege ikamanyamuka imakhala ili kale ndi liwiro limenelo, monganso bwalo limene yachokerapo ndi bwalo limene ikupita. Ganizo lija likanakhala loona, ulendo wopita kumadzulo ndi umene ukanafupika, chifukwa New York akanabwera kudzakumana ndi ndege yochokera ku London. Zimene zimachitika n'zosiyana ndi zimenezo. Kuzungulira kwa dziko kumalowa m'nkhaniyi podzera kwina: ndi kumene kumakhotetsa mpweya wochoka kumadera otentha kupita kozizira, n'kuuchititsa kuwomba molowera kum'mawa. Umboni wosavuta ndi maulendo opita kumpoto ndi kum'mwera. Pakati pa Johannesburg ndi London pali makilomita pafupifupi 9,000, ndipo ulendowu umatenga maola pafupifupi 11 mbali zonse ziwiri, chifukwa ndege imangodula mikwasa ya mphepo ija mopingasa.

Kumwamba kulinso malire

Ngakhale kukanakhala kopanda mphepo, ndege sizikanatsatira ulusi uja ndendende. Mlengalenga wa pamwamba pa dziko lililonse ndi wa dzikolo, ndipo ndege ya kwina imadutsamo ndi chilolezo, kawirikawiri polipira. Kumayambiriro kwa 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, mayiko a ku Ulaya ndi ena anatsekera ndege za ku Russia mlengalenga wawo, Russia nayo inatsekera ndege za mayikowo. Ulendo wa Finnair wochoka ku Helsinki kupita ku Tokyo, umene unkatenga maola pafupifupi 9 podzera ku Siberia, unafika pa maola pafupifupi 13. Makampani a mayiko amene sanatsekeredwe anapitiriza kudzera njira yakale, moti matikiti awiri a pakati pa mizinda imodzimodzi akhoza kusiyana ndi maola angapo. Mu 2023 nkhondo ya ku Sudan ndi kutsekedwa kwa mlengalenga wa Niger mu Ogasiti zinatalikitsanso maulendo ena a pakati pa Ulaya ndi kum'mwera kwa Africa.

Pamwamba pa nyanja pali lamulo lina. Kale ndege ya injini ziwiri sinkaloledwa kutalikirana ndi bwalo limene ingatere mwadzidzidzi kupitirira ulendo wa mphindi 60, kuopa kuti injini imodzi ingafe. Injini zitayamba kudalirika, malamulo otchedwa ETOPS anakweza malirewo kufika mphindi 120 mu 1985, kenako 180, ndipo Airbus A350 inavomerezedwa kufika mphindi 370. Ndege imene ili ndi malire ochepa imayenera kukhotera kufupi ndi zilumba kapena magombe, pomwe inzake ikudula pakati pa nyanja.

Kumpoto kwa Atlantic, kumene ndege zimachuluka, oyang'anira kayendedwe ka ndege a ku Gander ku Canada ndi anzawo a mbali ya Britain ndi Ireland amakonza njira zatsopano tsiku lililonse potengera pomwe mphepo ili. Onjezani mitambo ya mabingu imene woyendetsa amailambalala, madera a asilikali oletsedwa, ndi kukhota kolowera pamsewu woterapo, mupeza kuti mtunda umene ndege yaulukadi nthawi zonse umaposa wolembedwa pa intaneti.

Maola a pa tikiti amayambira pati?

Samayambira pomwe matayala achoka pansi. Amayambira pomwe ndege yasuntha pamalo okwererapo, n'kuthera pomwe yaima pamalo otsikirapo. Pakati pamenepo pali kuyenda pang'onopang'ono kupita kumsewu wonyamukira, kudikira pamzere, ndipo pabwalo lotanganidwa zimenezi zimatha kudya mphindi 20 kapena kuposerapo. Kofikira nako ndege imatha kuuzidwa kuti izungulire m'mwamba kudikira mpata. N'chifukwa chake woyendetsa akalengeza kuti ulendo utenga maola 6 ndi mphindi 20 pomwe tikiti ikuti maola 7, palibe amene wanama. Iye akunena za m'mwamba mokha.

Makampani amawonjezeranso mphindi zina pa ndondomeko yawo. M'kawerengedwe kofala, ndege imatengedwa kuti yafika pa nthawi yake ngati sinachedwe kupitirira mphindi 15. Ena amaona kuti kuwonjezerako ndi njira yokometsera mbiri ya kampani. Makampani amati ndi kuvomereza kuti mabwalo anadzaza, ndiponso kuteteza okwera amene ayenera kusintha ndege. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo wokwera amene akuthamangira ndege yachiwiri amapindula ndi mphindi zimenezo kaya zinaikidwa pa chifukwa chiti.

Mawotchi

Kuno n'kumene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo kulakwitsa kwake kumapweteka chifukwa munthu amatha kuphonya ndege kapena kudikiritsa womuchingamira. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya pamalo pomwepo: yonyamukira ndi ya mzinda wochokera, yofikira ndi ya mzinda wopitako. Tikiti ikati kunyamuka ku London 10 koloko m'mawa, kufika ku New York 1 koloko masana, ulendowo si wa maola 3. New York ili m'mbuyo ndi maola 5, choncho ndi maola 8. Pobwerera, kunyamuka 7 koloko madzulo n'kufika 7 koloko m'mawa si maola 12, ndi 7. Kusiyanaku nakonso sikukhazikika: mayiko ena amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi m'chilimwe, ndipo sasintha tsiku limodzi. Kwa masabata angapo mu Malichi, London ndi New York zimasiyana ndi maola 4 okha. Oyendetsa ndege amapewa chisokonezo chonsechi pogwiritsa ntchito wotchi imodzi ya dziko lonse yotchedwa UTC.

Pakati pa nyanja ya Pacific pali mzere umene deti limasinthira. Ndege yonyamuka ku Tokyo 5 koloko madzulo Lachiwiri, itauluka maola pafupifupi 10, imatera ku Los Angeles Lachiwiri lomwelo m'mawa. Yopita mbali inayo imadumpha tsiku. Kachizindikiro ka +1 pafupi ndi nthawi yofikira kamatanthauza kuti mufika tsiku lotsatira, ndipo n'koyenera kukayang'ana musanasungitse malo ogona.

Kuwerengera nokha

Mukafuna kuyerekeza mwachangu, gawani makilomita ndi 850, muwonjezere mphindi 40 za pansi, kukwera ndi kutsika. Pa Johannesburg ndi London mupeza maola 11 ndi mphindi zingapo, zomwe zikugwirizana ndi tikiti. Pa London ndi New York mupeza maola 7 ndi pang'ono, pakati pa ulendo wopita ndi wobwerera. Ngati ulendo uli wautali ndipo ukulowera kumadzulo wonjezerani, ngati ukulowera kum'mawa chotsani. Ndege zing'onozing'ono za mapulopela zimayenda makilomita 500 mpaka 650 pa ola, ndiye masamuwa amafunika kusintha.

Masamu amenewa amagwira pa ndege yosaima panjira yokha. Mukasinthira ndege ku Dubai, Doha, Istanbul kapena Addis Ababa, mtunda umatalika chifukwa mzinda wosinthirawo kawirikawiri suli pa ulusi uja, pamakhala kukwera ndi kutsika kawiri, ndipo kudikira pabwalo kukhoza kukhala ola limodzi kapena usiku wonse. Samalaninso ndi ulendo wokhala ndi nambala imodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto: ndege yotere ikhoza kutera panjira kutsitsa anthu ena kapena kumwa mafuta, inu muli pampando womwewo. Poyerekeza matikiti awiri, nambala yofunika ndi ya maola onse a ulendo, osati mtunda.

Ngakhale maola onsewo sawerengera nthawi yopita kubwalo, kufika maola 2 kapena 3 ndege isananyamuke, kuonetsa ziphaso, kudikira katundu ndi kulowa mumzinda. Pa ulendo wa maola 14 zimenezi ndi gawo laling'ono. Pa ulendo wa London ndi Paris zimaposa nthawi ya m'mwamba kangapo, ndipo sitima ya Eurostar, yomwe imatenga maola 2 ndi mphindi pafupifupi 20 kuchoka pakati pa mzinda wina kufika pakati pa winawo, kawirikawiri imafikitsa munthu msanga kuposa ndege yothamanga kuiposa katatu.